Khoma la Eni Ake Silibooledwa: Mmene Printa Yakale Inalowera pa Wi-Fi

Nyumba imene ndimachita lendi pa boma la Dedza ili ndi zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi khonde. Kumbuyo n'kumene timagona ndi banja langa, ndipo kutsogolo kuli chipinda chimodzi choyang'ana ku msewu chimene ndinachisandutsa kaofesi kotayipira makalata, kusindikiza mayeso a aphunzitsi ndiponso kukonza ndondomeko za maukwati ndi ziliza. Ntchito yonseyi ndimaigwira ndi makina awiri amene ndinagula ku Lilongwe atagwirapo kale ntchito kwina: kompyuta yapatebulo ndi printa yaikulu ya laser, ya mtundu umene maofesi akunja amataya ukadali ndi mphamvu zake. Makina onsewa alibe Wi-Fi. Chimene ali nacho kumbuyo kwawo ndi kabowo kolowetsamo chingwe cha netiweki, ndipo kwa zaka zingapo timabowo timeneti tinkangodzaza fumbi, popeza printa ndinkailumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB basi.

Zinthu zinasintha pamene makasitomala anasiya kubwera ndi mafulashi n'kuyamba kutumiza ntchito zawo pa WhatsApp. Mphunzitsi wa ku Bembeke kapena ku Linthipe amatumiza mayeso usiku, ndipo akamatsika minibasi m'mawa amayembekeza kupeza mapepala ali okonzeka. Kusamutsa fayilo iliyonse kuchoka mu foni kupita mu kompyuta ndi chingwe kunayamba kunditayitsa nthawi, choncho ndinagula rauta ya 4G yolowetsamo SIM kadi, chipangizo chimene chimakoka intaneti n'kuigawa m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Apa m'pamene nyumbayi inandionetsa khalidwe lake. Netiweki ya 4G imagwira bwino pawindo la kuchipinda chogona chakumbuyo, koma mu kaofesi imangolowa mwa apo ndi apo. Rauta inayenera kukhala kumbuyo, makina anayenera kukhala kutsogolo, ndipo pakati pake panali makoma atatu a njerwa zootcha.

Njira yosavuta inali kukoka chingwe. Chingwe cha netiweki, chimene amachitcha Ethernet, chimatha kutalika mpaka mamita 100 chisanayambe kutaya uthenga, pamene ine ndinkangofuna mamita osakwana 20. Ndinapita kwa eni nyumba, mayi wachikulire amene amakhala mbali ina ya mpanda womwewu, ndipo nditawapatsa moni ndinati, "Mayi, ndimati ndipemphe chilolezo choboola makoma atatu kuti ndidutsitsemo chingwe chaching'ono." Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Bambo, makoma amenewo anamanga ndi malemu amuna anga. Inu muboola lero, mawa mwasamuka, ine nditsala ndi mabowo olowera mphemvu ndi mphepo ya mu June." Sindinatsutse, pakuti amene anagonapo pa Dedza m'nyengo yozizira, tawuni imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amadziwa kuti mphepo yakuno siisowa khomo lalikulu. Kudutsitsa chingwe panja nakonso sikunandikomere. Chikanapanikizika ndi zitseko ziwiri tsiku ndi tsiku, makoswe akanachipeza, ndipo m'nyengo ya dzinja, ziphaliwali zikamang'anima paphiri la Dedza, waya wamkuwa woyenda panja amatha kutengera mphamvu ya mphezi m'makina a mbali zonse ziwiri.

Anthu ambiri akamva za vuto lotere amafulumira kunena kuti ndigule kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, kaja kofanana ndi fulashi. Pa kompyuta kachipangizo kameneka kamagwiradi ntchito, malinga muikemo kapulogalamu kokayendetsa kamene amakatcha driver. Pa printa nkhani ndi ina. Bowo la USB limene lili kutsogolo kwa printa yanga linapangidwira kuwerenga mafulashi okha, ndipo mulibe njira yoikiramo driver. Chimodzimodzinso ma TV ambiri akale, ma decoder ndi makina osunga zithunzi za makamera a chitetezo: ena amalola kachipangizo ka kampani yawo yokha, ena salola kalikonse. Ngakhale pa kompyuta pamene, kachipangizo ka USB kamakhala kuseri kwa bokosi lachitsulo lomwe lili pansi pa tebulo, malo oipa kwambiri oti mafunde a wailesi afikepo.

Yankho linabwera ndi mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira za makompyuta ku Blantyre ndipo anadzakhala nafe patchuthi. Ataona mmene ndinkayendera uku ndi uku foni ili m'manja, anatulutsa m'chikwama kabokosi kakang'ono kukula ngati sopo wosambira, kokhala ndi bowo limodzi la chingwe cha netiweki ndi lina la magetsi. Anati, "Atsibweni, makina anuwa sakufunika kudziwa Wi-Fi. Kabokosi aka ndi kamene kazilankhula ndi rauta, iwo azingoona chingwe monga anazolowera." Timabokosi totere timagulitsidwa ndi mayina osiyanasiyana. Ena amati wireless bridge, ena amati Ethernet adapter, ndipo nthawi zambiri ndi karauta ka paulendo kapena chipangizo chofutukula Wi-Fi chimene chili ndi bowo la chingwe. Makampani monga TP-Link, Tenda ndi Netgear amapanga zoterezi. Chofunika kuyang'ana pogula si dzina la pakatoni, koma ngati m'ndandanda wa ntchito zake muli mawu oti client mode kapena client bridge.

Ndinafuna kumvetsa chifukwa chake makina opangidwa popanda ganizo la Wi-Fi angapusitsidwe mosavuta chonchi, ndipo yankho lake lili m'mbiri ya njira ziwirizi. Ethernet inayambira ku Xerox PARC m'dziko la America mu 1973, pa ntchito imene anatsogolera Robert Metcalfe, ndipo pambuyo pake inakhazikitsidwa ndi bungwe la akatswiri a zamagetsi lotchedwa IEEE pansi pa nambala 802.3. Wi-Fi inabwera mochedwa, malamulo ake oyamba a 802.11 atatuluka mu 1997. Njira ziwirizi n'zapachibale, ndipo zimagwiritsa ntchito mtundu umodzi wa nambala yozindikiritsa chipangizo, imene imatchedwa MAC address. Motero kabokosi kakalandira phukusi la uthenga kuchokera pa chingwe, kamangolisintha chikuto n'kuliponya m'mafunde, ndipo lochokera ku rauta kamalibwezera pa chingwe. Printa siidziwa kuti pakati pa iyo ndi rauta pali mpweya wokhawokha.

Kukonza kabokosiko sikunatenge nthawi, koma tinalakwitsa pamalo amodzi, ndipo ndikuona kuti n'pamene ambiri amalakwitsa. Tinakalumikiza ku kompyuta ndi chingwe, tinatsegula tsamba lake lokonzera polemba adiresi imene inasindikizidwa pansi pake, ndipo kanatifunsa ntchito imene tikufuna kuti kazigwira. Panali mayina angapo, ndipo awiri mwa iwo ankaoneka ngati akunena chinthu chimodzi: client ndi WISP. Mnyamatayo anali atapita kukagula mbatata ya kachewere kumsika, ine n'kusankha WISP chifukwa chithunzi chake chinkaonetsa kabokosi kakulandira Wi-Fi kuchokera patali. Ndinasankha dzina la netiweki yathu, ndinalemba pasiwedi, ndipo posakhalitsa kompyuta inatsegula intaneti. Ndinasangalala, ndinasamutsira chingwe ku printa, koma foni yanga inakana kuiona ngakhale kanyale ka pabowo la printa kankathwanima bwinobwino.

Atabwerako anasindikiza tsamba lofotokoza za netiweki kuchokera pa mabatani a printa, n'kuliika pafupi ndi foni yanga. Adiresi ya foni, ndiye kuti nambala imene chipangizo chimapatsidwa kuti chizipezeka pa netiweki, inayamba ndi 192.168.8, pamene ya printa inayamba ndi 192.168.0. Anati, "Mwaona atsibweni, m'mudzi muno mwalongedwa mafumu awiri, ndipo aliyense akugawa malo payekha." Tanthauzo lake n'lakuti m'nyumba muyenera kukhala chipangizo chimodzi chokha chogawa maadiresi, ntchito imene amaitcha DHCP, ndipo kwa ife chipangizocho ndi rauta ya kuchipinda. Kabokosi kakakhala pa WISP kamadziyesa rauta yachiwiri, kamakhazikitsa netiweki yakeyake kuseri kwake n'kumagawa maadiresi ake. Chipangizo chimene chili kuseriko chimatha kutuluka kupita pa intaneti, koma zipangizo za mbali inayo sizingachipeze. Kwa TV yongofuna kuonera YouTube zimenezi sizisokoneza kanthu, n'chifukwa chake ambiri sazindikira kuti analakwitsa. Kwa printa, imene ntchito yake yonse ndi kupezedwa ndi ena, n'chimodzimodzi kuitsekera m'nkhokwe. Titasintha kupita pa client, printa inalandira adiresi yoyamba ndi 192.168.8 ndipo tsamba loyamba lochokera pa foni linatuluka.

Popeza kabokosi kali ndi bowo limodzi pamene makina ndi awiri, ndinagula switch ya mabowo 5, chipangizo chosafuna kukonza kulikonse chimene chimangogawa chingwe chimodzi kukhala zingapo. Kabokosi kanalowa pabowo loyamba, kompyuta pachiwiri, printa pachitatu. Apa ndinaphunzira chinthu china chimene makatoni sanena. Mwa malamulo a Wi-Fi, uthenga wochokera kwa chipangizo wamba kupita ku rauta umanyamula ma MAC address atatu okha, ndipo mulibe malo olembamo kuti kuseri kwa chipangizocho kuli makina ena. Timabokosi tambiri timazemba vutoli povalitsa makina onse a kuseri MAC address yake ya kabokosiko, n'kumakumbukira tokha kuti yankho lililonse ndi la ndani. Pali njira ina ya maadiresi anayi yotchedwa WDS, koma imafuna kuti rauta nayonso iziilola, ndipo kawirikawiri imayenda bwino pakati pa zipangizo za kampani imodzi. Zotsatira zake kwa ine zinali zakuti pa tsamba la rauta, makina anga awiri ankaoneka ngati chinthu chimodzi chosinthasintha dzina, ndipo sindikanatha kuuza rauta kuti izisungira printa adiresi yake.

Nkhani ya adiresi yosasinthayi ndi yofunika kuno kwathu kuposa mmene olemba timabuku ta malangizo amaganizira, chifukwa magetsi amazima pafupipafupi. Magetsi akabwera, rauta imayambanso kugawa maadiresi kwa amene wafika poyamba, ndipo printa imene dzulo inali pa nambala yothera ndi 101 lero imapezeka pa 103. Kompyuta imapitiriza kutumiza ntchito ku adiresi yakale n'kumanena kuti printa yazima pomwe ikuyaka pamaso panu. Tsiku lina ndinataya m'mawa wonse ndi zimenezi, mphunzitsi wamkulu wina atakhala pabenchi akudikira mayeso a sukulu yonse. Mankhwala ake anali kulemba adiresi pamanja pa mabatani a printa. Rauta yanga imagawa manambala kuyambira 100 mpaka 200, choncho printa ndinaipatsa 192.168.8.50, kunja kwa manambala ogawidwa, kuti pasapezeke foni ina yolandiranso nambala yomweyo. Kuchokera tsiku limenelo sinasowenso.

Chimene chinanditengera masiku ambiri kuposa zonse ndi kupeza malo oika kabokosi. Poyamba ndinakasiya pa shelefu kuseri kwa printa, pakati pa mitolo ya mapepala, ndipo ntchito zikuluzikulu zinkaima panjira. Chitsulo chimabweza mafunde a wailesi, madzi amawameza, ndipo mulu wa mapepala kapena khoma lonyowa ndi mvula zimawafooketsa. Pakhonde pathu pali mgolo wachitsulo wosungira madzi, ndipo nditaima pamene panali kabokosi n'kuloza kumene kuli rauta, ndinapeza kuti mgolowo uli pakati penipeni. Ndinaika mu foni pulogalamu yoyeza mphamvu ya Wi-Fi, imene imaonetsa manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndipo ndinayenda nayo chipinda chonse. Nambala yoyandikira -50 ndi yabwino kwambiri, ya m'ma -60 imagwira ntchito bwino, koma ikafika ku -80 kulumikizana kumaduka. Kuseri kwa printa foni inkaonetsa -79, pamene pamwamba pa chitseko chotulukira ku khonde inkaonetsa -62. Apa m'pamene ndinaona ubwino weniweni wa kabokosi ka chingwe poyerekeza ndi kachipangizo ka USB: printa imakhala pamene ikufunika, kabokosi kamakwera pamene mafunde akufika, ndipo chingwe cha mamita 5 chimalumikiza ziwirizi m'chipinda chomwecho popanda kukhudza njerwa ya mayi.

Pa za mafunde, mwa mitundu iwiri yofala ya mafunde a Wi-Fi, 2.4 GHz ndi 5 GHz, kabokosi kanga kamagwira 2.4 GHz yokha, ndipo sindikudandaula. Mafunde a 5 GHz amanyamula zambiri mofulumira koma amafooka msanga akakumana ndi makoma, moti m'nyumba ya njerwa zootcha ngati ino sakanafika kutsogolo. Vuto la 2.4 GHz ndi kuchulukana, popeza Bluetooth ndi marauta a anansi zimagwiritsa ntchito mafunde omwewo, ndipo ma channel, kapena kuti timisewu ta mafundewo, amene salowerana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Anansi anga awiri anali pa 6, ine ndinasamutsira rauta yanga pa 11. Ndinazimitsanso Wi-Fi yachiwiri imene kabokosi kankafalitsa, pakuti chipangizo cha wailesi imodzi chikamalandira n'kumafalitsanso chimagawa nthawi yake pawiri ndipo liwiro limatsika pafupifupi ndi theka.

Za liwiro lolembedwa pakatoni ndinganene mwachidule. Panalembedwa 300 Mbps (muyezo wa kuchuluka kwa uthenga wodutsa pa sekondi), koma bowo la chingwe la kabokosiko ndi la 100 Mbps, ndipo liwiro lenileni la Wi-Fi limakhala lotsika kwambiri kuposa la pakatoni, makamaka kuseri kwa makoma. Kwa ine zonsezi sizipweteka, chifukwa 4G ya pawindo ndi imene imachedwa kuposa china chilichonse m'nyumba muno, ndipo mayeso a masamba 40 ndi katundu wopepuka. Koma mnzanga wina amene ali ndi golosale ku Lizulu atandifunsa ngati angalumikize makina a makamera ake mwa njira yomweyi, ndinamuuza kuti nyumbayo ndi yake, aboole khoma. Makamera amatumiza zithunzi usana ndi usiku osapuma, ndipo pa ntchito yotero chingwe chilibe mnzake. Ndikanakhala m'nyumba yangayanga, nanenso ndikanakoka chingwe tsiku loyamba lomwelo. Ndinaganizirapo za ma adaputa odutsitsa netiweki m'mawaya a magetsi, amene amawatcha powerline, koma kaofesi kali pa mita yakeyake yosiyana ndi ya kumbuyo, ndipo zipangizo zimenezo nthawi zambiri sizimvana zikakhala pa mamita awiri osiyana.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandidyera ndalama chifukwa cha kusadziwa kwanga. Kompyuta ikaona chingwe imaganiza kuti ili pa intaneti yopanda malire ngati ya m'maofesi akuluakulu, ndipo siidziwa kuti kumapeto kwa chingwecho kuli SIM kadi ya bandulo yowerengeka. Ndinaisiya yoyaka usiku wina, inakoka zonse zimene inaphonya pa zaka zimene inakhala yopanda intaneti, ndipo kutacha bandulo ya mwezi inali itatsala pang'ono kutha. Pa Windows 10 ndi 11 pali posankha polembedwa metered connection, ndipo pamagwira ntchito ngakhale pa chingwe, koma munthu ayenera kupatsegula yekha. Chosangalatsa n'chakuti kusindikiza kuchokera pa foni kupita ku printa sikudya bandulo ngakhale pang'ono, popeza uthengawo umathera m'nyumba momwemo, kuchoka pa foni kupita ku rauta, kuchoka ku rauta kupita ku kabokosi. Bandulo ikatha intaneti imaima, koma printa imapitiriza kulandira mafayilo amene ali kale mu foni.

Mnyamata uja asanabwerere kusukulu anandichenjeza za mabowo awiri otsala pa switch. Kabokosi kanasunga kale pasiwedi ya Wi-Fi yathu, choncho aliyense wolowetsa chingwe pa mabowo amenewo walowa mu netiweki popanda kufunsidwa kanthu. M'kaofesi mmene mumalowa anyamata a malaputopu tsiku lililonse, zimenezi si zongoganizira chabe. Switch ndinaisamutsira m'kabati ya pansi pa tebulo, pasiwedi yolowera pa tsamba lokonzera kabokosi ndinaisintha kuchoka pa ija ya kufakitale imene aliyense amaidziwa, ndipo rauta ili pa njira yotetezera Wi-Fi yotchedwa WPA2, batani la WPS, lolumikizira zipangizo popanda kulemba pasiwedi, lili lozimitsa. Makasitomala opempha kuti asindikize okha kuchokera pa mafoni awo ndimawauza kuti atumize fayilo kwa ine, chifukwa kuwapatsa pasiwedi n'kuwapatsanso bandulo yanga.

Magetsi akazima, kabokosi kamatha kuyaka ndi power bank chifukwa kamangofuna mavoti 5 a pa USB, ngakhale phindu lake ndi lochepa popeza printa ya laser imatenthetsa pepala ndi mphamvu yambiri imene batire laling'ono silingathe. Akabwera magetsi, kabokosi kamadzuka msanga kuposa rauta, kamafufuza kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako kanyale kake kamasiya kuthwanima n'kukhazikika. Ndinazolowera kuyang'ana pamwamba pa chitseko ndisanalonjeze kasitomala nthawi.

Mwezi wathawu eni nyumba anabwera ndi mdzukulu wawo kudzasindikiza ndondomeko ya msonkhano wa amayi a kutchalitchi kwawo. Mtsikanayo anatumiza fayilo ku foni yanga, ine ndinadina, ndipo printa inayamba kulira kungodya popanda munthu kuikhudza. Mayiwo sanayang'ane mapepala. Maso awo anatsatira chingwe kuchokera pansi pa tebulo, kukwera m'mbali mwa felemu ya chitseko pamene ndinachimata ndi tepi, mpaka pa kabokosi kolendewera ndi kachingwe ka thumba la shuga. Anafunsa kuti, "Nanga msomali umenewo, Bambo?" Ndinayankha kuti, "Ndinaupeza pomwepo, Mayi, panali kalendala." Anayandikira, anaugwira ndi chala, anaona dzimbiri lake, ndipo anatembenuka n'kufunsa mtengo wa makope 30.